Mmene Mungapezere ndi Kutchula Magwero a Kemisitiri Polemba Kafukufuku Wanu

Wophunzira wochokera ku Malawi akafika ku Johannesburg kudzachita digiri ya Honours, Masters kapena PhD ya kemisitiri, kaya ku Wits ku Braamfontein kapena ku University of Johannesburg (UJ) ku Doornfontein ndi ku Auckland Park, nthawi zambiri supavaiza amayamba wamuuza kuti alembe zimene ena anapeza kale pa mutu wake asanakhudze botolo lililonse mu labotale. Pa ntchito imeneyi ambiri amatayapo miyezi, chifukwa zowerenga ndi zochuluka zedi ndipo zambiri mwa izo zimangobwereza zimene wolemba wina anatenga kwa mnzake. Malangizo ali m'munsiwa akhazikika pa mfundo imodzi, yakuti chilichonse chimene mwalemba m'thesis yanu ngati choonadi chikhale ndi pepala limene inuyo mwalitsegula, mwaliwerenga, ndipo mwaona ndi maso anu kuti likunenadi zimenezo.

Kuti zinthu zimveke bwino, titenga chitsanzo cha vuto limene aliyense wokhala mu mzinda uno amalidziwa, la madzi a asidi ochokera m'migodi yakale ya golide. Miyala ya ku Witwatersrand ili ndi pyrite, FeS2, ndipo pyrite ikakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya wa okosijeni imapanga sulfuric acid, imene imasungunula iron, manganese, uranium ndi zitsulo zina. M'chaka cha 2002 madzi otere anayamba kusefukira pamwamba pa nthaka ku West Rand, m'dera la Randfontein ndi Krugersdorp. Tiyerekeze kuti mutu wanu ndi wochotsa zitsulo m'madzi amenewa pogwiritsa ntchito graphene oxide, chinthu chopangidwa kuchokera ku graphite chimene zitsulo za m'madzi zimamatirirapo.

Yambani ndi funso, kenako mayina

Musanatsegule kompyuta, lembani papepala funso lanu m'chiganizo chimodzi, ndipo m'chiganizocho mukhale zinthu zitatu: chimene mukufuna kuchotsa, chimene mukuchotsera, ndi mtundu wa madziwo. Mukangolemba mawu onena za kuyeretsa madzi mwachisawawa mudzalandira mapepala ochuluka kuposa amene munthu angawerenge m'moyo wake wonse, pamene funso lonena za manganese, graphene oxide ndi madzi a pH yotsika lidzakupatsani mulu umene mungaukwanitse.

Mukatero, sonkhanitsani mayina onse a kemikolo iliyonse imene ili m'funsolo. Apa ndi pamene kemisitiri imasiyana ndi maphunziro ena, chifukwa kemikolo imodzi imatha kukhala ndi mayina ambirimbiri. Mankhwala amene timagula pa golosale ndi dzina lakuti Panado amatchedwa paracetamol kuno ndi ku Ulaya, koma ku America amatchedwa acetaminophen, ndipo m'mapepala ena mudzawapeza ndi dzina lalitali lotsata malamulo a IUPAC, bungwe la padziko lonse loika malamulo otchulira makemikolo. Kalembedwe nakonso kamasiyana: ena amalemba sulphate ena sulfate, ena aluminium ena aluminum. Munthu amene wafufuza ndi dzina limodzi lokha amaphonya mapepala onse amene anagwiritsa ntchito dzina linalo, ndipo sazindikira n'komwe kuti waphonya kanthu.

Chimene chimathetsa chisokonezo chimenechi ndi nambala ya CAS. Bungwe la Chemical Abstracts Service, limene ndi nthambi ya American Chemical Society (ACS) ndipo lili ku Columbus m'chigawo cha Ohio, lakhala likusonkhanitsa zolemba za kemisitiri kuyambira mu 1907, ndipo limapereka nambala yakeyake kwa kemikolo iliyonse. Madzi ndi 7732-18-5, ethanol ndi 64-17-5, paracetamol ndi 103-90-2 ngakhale mutaitchula dzina liti. Nambalayi mungaipeze pa chizindikiro cha botolo mu labotale, pa pepala la chitetezo limene limabwera ndi kemikoloyo, kapena kwaulere pa PubChem ndi pa ChemSpider. Samalani ndi makemikolo amene amakhala ndi madzi m'kati mwa makristo awo. Copper sulfate yopanda madzi ndi 7758-98-7 ndipo molo imodzi imalemera pafupifupi magalamu 159.6, pamene yabuluu ija ya mamolekyu asanu a madzi ndi 7758-99-8 ndipo imalemera pafupifupi magalamu 249.7. Ngati pepala linagwiritsa ntchito imodzi, inu n'kuyeza inayo, sizingatheke kuti zotsatira zanu zigwirizane ndi zawo.

Lowerani pakhomo la laibulale

Magazini ambiri a kemisitiri ndi olipira, ndipo yunivesite yanu inalipira kale. Choncho musayambire pa Google wamba. Pitani pa tsamba la laibulale ya yunivesite, lowani ndi nambala yanu ya wophunzira, ndipo tsegulani mndandanda wa nkhokwe za zolemba zimene sukuluyo inalembetsa. Mukalowera kumeneko mapepala amatseguka ngakhale muli kunyumba ku Yeoville, ku Brixton kapena ku Rosettenville, pamene mukafika pa tsamba la wosindikiza mwachindunji mudzauzidwa kuti mulipire madola ambiri pa pepala limodzi. Musalipire. Ngati pepala silikutseguka, pemphani ogwira ntchito mu laibulale kuti akubwerekereni ku laibulale ina, yesani Unpaywall imene imasaka makope ovomerezeka aulere, kapena lemberani wolemba pepalalo kalata yaifupi yaulemu. Ndi bwinonso kupita kukaonana ndi woyang'anira mabuku a sayansi m'masabata oyambirira, pakuti ntchito yake ndi yomweyi ndipo ophunzira ambiri amamudziwa mochedwa.

Nkhokwezi sizifanana, ndipo kudziwa yoyenera funso lanu kumapulumutsa nthawi. SciFinder ndi ya CAS, ndipo ubwino wake ndi wakuti mungathe kujambula molekyu yanu n'kufunsa mapepala ndi ma patent onse amene anaitchula, njira zoipangira, ngakhalenso mamolekyu ofanana nayo. Kawirikawiri imafuna kuti mulembetse panokha ndi imelo ya yunivesite. Reaxys ndi ya Elsevier, ndipo inatenga chuma cha mabuku awiri akale a ku Germany, la Gmelin limene linayamba mu 1817 ndi la Beilstein limene linayamba mu 1881. Ndi yothandiza kwambiri mukamafuna manambala enieni monga kutentha kumene chinthu chimasungunukira, kapena kuchuluka kwa zimene zimatuluka m'njira inayake yopangira kemikolo, ndipo nambala iliyonse imakulozerani ku pepala limene inachokera. Scopus ndi Web of Science zimagwira bwino pofufuza ndi mawu komanso poona amene anatchula pepala linalake. Google Scholar ndi yaulere ndiponso yofulumira, koma imasakaniza zabwino ndi zosapsa, motero igwiritseni ntchito mukudziwa kuti kusankha kuli kwa inu.

Pali malo enanso a ntchito zapadera. Pa manambala a thermodynamics pali NIST Chemistry WebBook ndi buku la CRC Handbook of Chemistry and Physics. Pa ma spectra a NMR ndi IR (njira zopimira kapangidwe ka molekyu) oti muyerekezere ndi anu pali SDBS ya ku Japan. Pa kapangidwe ka makristo pali Cambridge Structural Database, imene inayamba mu 1965 ndipo inapyola makristo 1 miliyoni mu 2019. Amene akupanga makemikolo a organic adziwe Organic Syntheses, yomwe yakhala ikutuluka kuyambira mu 1921 ndipo njira iliyonse imayesedwa kaye mu labotale ina isanasindikizidwe. Ma patent ali pa Espacenet ndi Google Patents. Pa mutu ngati wa madzi a m'migodi musaiwale zolembedwa konkuno: South African Journal of Chemistry, Water SA, malipoti a Water Research Commission, ndi ma thesis a ophunzira akale amene ali pa WIReDSpace ya Wits ndi pa nkhokwe ya UJ.

Polemba mawu ofufuzira mu Scopus kapena Web of Science, lumikizani mayina a chinthu chimodzi ndi OR, ndipo lumikizani mfundo zosiyana ndi AND. Mawu oyendera limodzi, monga "acid mine drainage", aikeni m'zizindikiro za mawu ogwidwa kuti asamwazike. Kanyenyezi kamagwira mathero osiyanasiyana a liwu, kotero kuti adsor* imapeza adsorption, adsorbent ndi adsorbed nthawi imodzi, koma dziwani kuti Google Scholar siimva kanyenyezi mwa njira imeneyi. Sungani m'kabuku mawu amene munafufuzira, nkhokwe yake ndi tsiku, chifukwa supavaiza akadzafunsa ngati munaona zonse mudzafunika kuonetsa njira imene munayenda.

Bwererani kufikira gwero lenileni

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulipatse nthawi yambiri. Yambani ndi pepala limodzi kapena awiri ounika zonse zimene zachitika pa mutu wanu, monga amene amatuluka mu Chemical Reviews kapena Chemical Society Reviews, kuti mudziwe mayina akuluakulu ndi mikangano imene ilipo. Koma pepala lounika ndi mlozo chabe. Mukapezamo nambala kapena mfundo imene mukufuna, pitani ku mndandanda wa magwero ake, tsegulani pepala loyambirira, ndipo tchulani limenelo. Kenako yendani chakutsogolo: mu Scopus, Web of Science kapena Google Scholar onani mapepala amene anatchula pepala loyambiriralo m'zaka zotsatira, chifukwa m'menemo ndi mmene mudzaone ngati ena analitsimikizira, analikonza kapena analitsutsa.

Chitsanzo chathu chikuonetsa bwino chifukwa chake. Pafupifupi aliyense amene amapanga graphene oxide amanena kuti anatsata njira ya Hummers. Pepala la Hummers ndi Offeman linatuluka mu 1958 mu Journal of the American Chemical Society, ndi la tsamba limodzi, ndipo linagwiritsa ntchito sulfuric acid yamphamvu, sodium nitrate ndi potassium permanganate. Mu 2010 gulu la James Tour linasindikiza mu ACS Nano njira ina imene inachotsa sodium nitrate n'kuika chisakanizo cha sulfuric acid ndi phosphoric acid pa mlingo wa 9 kwa 1. Wophunzira amene mu labotale anatsata njira ya 2010 koma m'thesis n'kutchula pepala la 1958 lokha wasocheretsa aliyense amene angafune kubwereza ntchito yake, ndipo woyesa thesis amene amaidziwa ntchitoyi amaona zimenezi msanga.

N'chimodzimodzinso ndi ma equation amene ofufuza za adsorption, kutanthauza kumatirira kwa zinthu pamwamba pa chinthu china, amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Pepala la Irving Langmuir la 1918 linkanena za mipweya imene imamatirira pa galasi, mica ndi platinum, ndipo mfundo zake zinali zakuti malo omatirirapo ndi ofanana ndipo mamolekyu amayala mzere umodzi wokha. Mukaligwiritsa ntchito pa zitsulo za m'madzi, muyenera kudziwa kuti mwalitengera kumalo kumene mwini wake sanaliyesere, ndipo muyenera kufotokoza chifukwa chimene mukuonera kuti likugwirabe. Pepala la Lagergren la 1898, limene limatchulidwa pa nkhani ya liwiro la adsorption, linalembedwa m'Chijeremani ndi kusindikizidwa ku Sweden, ndipo limadziwika kuti anthu ambiri amalitchula ndi zolakwika zimene anangokopera kwa anzawo. Ngati pepala lakale lotere simungathe kulipeza kapena kuliwerenga, njira yoona ndi kunena poyera kuti mwalitenga kudzera mwa wolemba wakutiwakuti, n'kutchula pepala limene munawerengalo.

Mukatsegula pepala, musathere pa chidule cha pamwamba. Werengani gawo lofotokoza mmene anayesera, ndipo koperaninso fayilo ya Supporting Information, chifukwa magazini ambiri a kemisitiri amaika kumeneko miyezo yeniyeni, ma spectra ndi tsatanetsatane wa njira. Pa nambala iliyonse imene mukutenga, lembani pambali pake pH, kutentha, nthawi, kuchuluka kwa chitsulo poyambira, ndi muyezo umene anagwiritsa ntchito. Pepala limene lapeza mamiligalamu ambiri pa galamu m'madzi oyera a mu labotale a pH 6, okhala ndi chitsulo chimodzi chokha, silingayerekezedwe mwachindunji ndi ntchito yanu ya madzi a ku West Rand amene ali ndi asidi, sulfate wambiri ndi zitsulo zingapo zolimbirana malo. Tebulo loyerekeza manambala popanda mfundo zimenezi limaoneka lokongola koma silinena kanthu.

Pimani magazini ndi pepala

Sikuti chilichonse chooneka ngati pepala la sayansi chinaunikidwa ndi akatswiri. Pali magazini amene amalandira ndalama kwa olemba n'kusindikiza m'masiku ochepa popanda wowerenga aliyense. Kuno ku South Africa muli ndi chothandizira chapafupi, chifukwa Department of Higher Education and Training imatulutsa mindandanda ya magazini ovomerezeka chaka ndi chaka, ndipo laibulale kapena ofesi ya kafukufuku ya yunivesite yanu imakhala nayo. Onaninso ngati magaziniyo ili mu Scopus, Web of Science kapena DOAJ, mlozo wa magazini owerengedwa kwaulere. Mapepala a pa ChemRxiv, imene inayamba mu 2017, amakhala asanaunikidwe. Mungathe kuwatchula ngati dipatimenti yanu imalola, koma nenani kuti ndi otero, ndipo musanapereke thesis onani ngati anatuluka kale m'magazini.

Onaninso ngati pepala silinabwezedwe. Pepala limabwezedwa zikapezeka kuti zotsatira zake zinali zolakwika kapena zachinyengo, koma kope limene munakopera chaka chatha silisintha lokha m'kompyuta yanu. Tsegulani tsamba la pepalalo kwa wosindikiza, kapena fufuzani mu nkhokwe ya Retraction Watch.

Masiku ano pali msampha wina. Mapulogalamu a nzeru zopangidwa amene amayankha mafunso amatha kupeka gwero looneka bwinobwino, lokhala ndi mayina a akatswiri enieni, dzina la magazini yeniyeni ndi chaka, pamene pepalalo kulibe. Njira yotsimikizira ndi DOI, nambala yokhazikika imene imayamba ndi 10. Ilembeni pa doi.org ndipo muone ngati ikukufikitsani pa pepala lomwelo, la mutu womwewo ndi olemba omwewo. Chiyambi cha DOI chimaonetsanso wosindikiza: 10.1021 ndi American Chemical Society, 10.1039 ndi Royal Society of Chemistry, 10.1016 ndi Elsevier, 10.1002 ndi Wiley. Pepala limene akuti ndi la magazini ya ACS koma DOI yake ikuyamba ndi 10.1016 likhale lokayikitsa kwa inu.

Sungani pamene mukuwerenga

Ikani pulogalamu yosungira magwero tsiku loyamba. Zotero ndi yaulere ndipo imachenjeza pepala likabwezedwa. Palinso Mendeley, komanso EndNote imene mayunivesite ena amapereka kwa ophunzira awo. Kwa munthu amene adzabwerere ku Zomba, ku Thyolo, ku Mzuzu kapena ku Bunda ndingalangize yaulere, chifukwa mwayi wa nkhokwe ndi mapulogalamu olipira umatha mukachotsedwa m'kaundula wa ophunzira, pamene zimene munasunga nokha zimapita nanu. Pa pepala lililonse lembani m'mawu anuanu zimene linapeza, ndipo ngati mwakopera chiganizo ndendende chiikeni m'zizindikiro za mawu ogwidwa pomwepo pamodzi ndi nambala ya tsamba. Kuba ntchito ya ena kwambiri kumayambira m'manotsi osasamalidwa, pamene munthu patapita miyezi sakumbukiranso kuti mawu ake ndi ati ndipo a mwini pepala ndi ati, ndipo Turnitin, pulogalamu yofufuza mawu okopedwa, siisiyanitsa kuiwala ndi kuba.

Tchulani motsata kalembedwe kamodzi

Funsani supavaiza kapena buku la malamulo a dipatimenti kuti mudziwe kalembedwe kofunika, ndipo musasakanize. Mu kemisitiri kawirikawiri magwero amapatsidwa manambala motsata mmene akuonekera m'nkhani, ndipo gwero likatchulidwanso kutsogolo limasunga nambala yake yoyamba. M'kalembedwe ka ACS dzina la makolo limatsogola, olemba amalekanitsidwa ndi semikoloni, dzina lachidule la magazini limapendekeka, chaka chimakhala cha zilembo zonenepa, ndipo voliyumu imapendekeka, motere:

Hummers, W. S., Jr.; Offeman, R. E. Preparation of Graphitic Oxide. *J. Am. Chem. Soc.* **1958**, *80* (6), 1339. DOI: 10.1021/ja01539a017

M'kalembedwe ka Royal Society of Chemistry zilembo zoyambira mayina ndi zimene zimatsogola, mutu wa pepala kawirikawiri umasiyidwa, ndipo chonenepa ndi voliyumu m'malo mwa chaka. Chidule cha dzina la magazini musachipeke nokha. Chiyang'aneni pa CASSI, mlozo waulere wa CAS.

Ikani nambala ya gwero pafupi ndi mfundo imene likuchirikiza, osati kuunjika magwero khumi kumapeto kwa ndime kumene wowerenga sangadziwe kuti liti likunena chiyani. Mfundo zodziwika kwa aliyense wa kemisitiri, monga kuti pH 7 ndi yapakati pa madigiri 25, sizifuna gwero. Nambala iliyonse yoyezedwa ndi wina, njira iliyonse imene mwatsata, pulogalamu imene mwawerengera, ndi chithunzi chilichonse chimene mwatenga kapena kujambulanso zimafuna gwero. Pa chithunzi, kutchula gwero kokha sikukwanira ngati thesis idzaikidwe pa intaneti kapena ntchitoyo idzasindikizidwe. Wosindikiza amafuna kuti mupemphe chilolezo, pokhapokha pepalalo litakhala ndi laisensi ya Creative Commons yolola zimenezo. Mukatchula malire ovomerezeka a zitsulo m'madzi akumwa, tchulani chikalata chenicheni, kaya SANS 241 ya South Africa, malangizo a World Health Organization kapena muyezo wa Malawi Bureau of Standards, pamodzi ndi chaka chimene kope lanulo linatuluka, popeza malire amenewa amaunikidwanso nthawi ndi nthawi. Pa tsamba la intaneti kapena nkhokwe ngati PubChem onjezerani tsiku limene munaliona.

Ntchito yomaliza ichitike patatsala masiku angapo kuti mupereke, osati usiku womaliza. Sindikizani mndandanda wa magwero papepala ndipo muuwerenge mzere ndi mzere, chifukwa mapulogalamu osungira magwero amawononga zinthu za kemisitiri mwakachetechete: amasintha Fe kukhala fe, pH kukhala PH, amakweza manambala aang'ono a m'munsi mwa fomula kufika pamzere, amataya zilembo za Chigiriki, ndipo nthawi zina amaika chaka chimene pepala linaonekera pa intaneti m'malo mwa chaka cha voliyumu. Konzani zolakwikazo m'pulogalamu momwemo kuti zisabwererenso mukasintha chikalata. Kenako tsegulani DOI iliyonse, onetsetsani kuti nambala iliyonse ya m'nkhani ili ndi gwero lake m'mndandanda ndiponso kuti m'mndandandamo mulibe gwero limene silinatchulidwe m'nkhani, ndipo pepala lililonse limene mupeze kuti simunalitsegule, liwerengeni tsiku lomwelo kapena lichotseni pamodzi ndi chiganizo chimene chikulitsamira.